Kukondera ndi tsankho n'zosiyana

Ambiri amasakaniza mawu awiriwa. Kukondera kunachokera ku "kukonda": mtima wapendekera kwa munthu mmodzi. Mfumu ya ku Ntchisi ikamaweruza mlandu wa malire a munda, n'kumangomvera mphwake winayo asanatsirize n'komwe kulankhula, imeneyo yakondera.

Tsankho linachokera ku "kusankha", monga amachitira mayi ndi mtedza pa lichero, wabwino uku, wofumbwa uko. Koma apa osankhidwawo ndi anthu, n'chifukwa chake limapweteka kwambiri. Mnyamata wobadwira ku Dzaleka, m'boma la Dowa, komwe othawa kwawo akhala kuyambira 1994, akamanidwa ganyu poti makolo ake ndi a ku Burundi, musachepetse nkhaniyo ponena kuti akondera wina. Limenelo ndi tsankho.