Hora: Linga Lopanda Madzi

Tsiku loyamba kuona phiri la Hora ndidali kamnyamata, titachoka kwathu ku Engutwini ndi agogo anga aamuna. Atangoliona adavula chipewa. Ine nkufunsa: "Agogo, mukulonjera ndani?" Iwo adangoti: "Akufa, mzukulu wanga."

Hora lili kumpoto kwa boma la Mzimba. Ndi chimwala choima chokhachokha pachidikha, kumadzulo kwa mapiri a Viphya, m'dera lomwe madzi ake amathera mumtsinje wa South Rukuru. Akatswiri a miyala amati thanthwe la dera lino lili ndi zaka zoposa 500 miliyoni. Mvula ndi mitsinje zidakokolola miyala yofewa yozungulira, wolimbawo nkutsala chiimire. Nchifukwa chake m'mbali mwake muli motsetsereka, mogoma anthu, ndipo mvula ikagwa madzi sachedwapo.

Kapangidwe kameneka ndiko kadalemba mbiri. Angoni a Zwangendaba, omwe adaoloka Zambezi mu 1835, adadzakhazikika kuno pansi pa M'mbelwa, nagonjetsa Atumbuka. Cha m'ma 1880 Atumbuka ena, motsogozedwa ndi Baza Dokowe, adagalukira ulamulirowo nathawira pa Hora. Pamwambapo mdani sakadafika msanga. Koma abale, mwala sutumphuka kasupe! Angoni sadavutike nkukwera. Adangozinga phiri nkumadikira. Ludzu litakula, anthu adatsika okha, ndipo ambiri adaphedwa. Baza adapulumuka.

Pambuyo pake amishoni a Livingstonia adamanga siteshoni pa Hora, koma mu 1902 Donald Fraser adaisamutsira ku Loudon, ku Embangweni. Lero patsinde pa phirili ndi pomwe pamachitikira mwambo wa Umthetho mwezi wa Ogasiti, pamaso pa Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Ingoma imagunda, zishango zili m'mwamba, ndipo nane mtima umadumpha.

Komatu ine magazi anga ngosakaniza, monga alili anthu ambiri a ku Mzimba: atate Mngoni, amayi Mtumbuka. Ngakhale Angoni enieniwo lero amayankhula Chitumbuka. Ndiye ndikaima pa Hora ndimadzifunsa: kodi ndine mdzukulu wa ozinga kapena wa ozingidwa?

Sindikuti tisiye kuvina, ayi. Ndikungopempha kuti pakati pa chisangalalocho tizipatula kamphindi kokumbukira omwe adafa ndi ludzu pamwambapo. Agogo anga adali Mngoni weniweni, wobooledwa makutu. Koma chipewa adavula.