Nthano za maulendo obwerera kuchiyambi: wa ku Mbungo angakapezeko chiyani?

Mwa nkhani zopeka zimene alembi amazitsamiritsa pa sayansi muli gulu lina lokamba za anthu oyenda m'nthawi monga momwe ena amayendera pamsewu kapena panyanja. Ena mwa apaulendowa amapita kutsogolo, ena amabwerera m'mbuyo, ndipo olimba mtima amakafika kunthawi imene kudalibe mudzi, munda ngakhale munthu. Nkhani za gulu lomalizali zimazungulira pa funso limodzi: kodi dziko lidayenera kukhala momwe lililimu, kapena likadatha kukhala lina? Kwa munthu wa ku Mbungo pachilumba cha Likoma, mbali ina ya yankho ili m'matope a pansi pa nyanja imene amavuulamo usipa.

Momwe nkhanizi zidayambira

Buku limene lidatchukitsa ganizo la makina oyendera m'nthawi ndi The Time Machine la H. G. Wells, mlembi wa ku Britain, lomwe lidatuluka mu 1895. Mwini nkhani m'bukuli amapita kutsogolo, mpaka m'chaka cha 802 701. Koma zaka zisanu ndi zitatu bukuli lisadatuluke, mu 1887, Enrique Gaspar wa ku Spain adali atalemba kale El anacronópete, m'mene apaulendo amakwera chombo chobwerera m'mbuyo, kudutsa maufumu akale, kufika m'masiku a Nowa ndi kuyandikira chilengedwe chenicheni.

Akatswiri atayamba kufukula mafupa ambiri a zilombo zakale zotchedwa dinosaur, alembi adapeza kopita kwatsopano. Zilombozi zidatha padziko zaka 66 miliyoni zapitazo, munthu asadakhaleko, choncho njira yokha yokumanitsira mlenje ndi dinosaur wamoyo idali kumukweza mlenjeyo m'makina a nthawi.

Gulugufe amene adasintha chisankho

Nkhani yodziwika kwambiri ya mtundu umenewu ndi A Sound of Thunder ya Ray Bradbury wa ku America, ya mu 1952. M'nkhaniyi kampani ina imatenga alenje olemera kupita nawo zaka mamiliyoni ambiri m'mbuyo kuti akaphe chilombo cha Tyrannosaurus. Malamulo ake ngokhwima: nyama yophedwa ikhale imene idatsala pang'ono kufa kale, ndipo mlenje asatsike panjira yapadera yoyandama m'mwamba, kuopa kuponda ngakhale udzu.

Mlenje wina, Eckels, agwidwa ndi mantha, atsika panjirayo ndipo aponda gulugufe osadziwa. Pobwerera kwawo apeza kuti kalembedwe ka mawu kasintha, ndipo chisankho chimene adasiya munthu wina atapambana tsopano wapambana ndi wopikisana naye wankhanza. Phunziro lake nlakuti kanthu kakang'ono kochitika pachiyambi kamakula m'kupita kwa mibadwo, monga momwe kupotoza pang'ono bwato pochoka padoko kumakafikitsira munthu pagombe lina.

Afrika idalowa mwamphamvu m'nkhanizi mu 1982 ndi buku la Michael Bishop lotchedwa No Enemy But Time, limene lidapambana mphotho ya Nebula. Mwini nkhani amabwerera zaka pafupifupi 2 miliyoni kummawa kwa Afrika, nkukakhala pakati pa makolo akale a anthu otchedwa Homo habilis. M'bukuli ulendo si wokasaka nyama ayi, koma wokafunafuna abale.

Makina atanyamuka ku Mbungo

Palibe chifukwa choti ulendo wotere uziyambira ku London kapena ku New York kokha. Utayambira ku Mbungo, zizindikiro za chilumbachi zingayambe kufufutika chimodzichimodzi. Kungodutsa chaka cha 1951, sitima ya Ilala singaonekenso. Kufika mu 1903, tchalitchi chachikulu cha St Peter's chingakhale chikungoyamba kumangidwa ku Chipyela. Kupyola zaka za m'ma 1880, amishoni a UMCA sangapezekenso. Malambe akuluakulu angatsalire kwa zaka mazana angapo, kenaka nawonso nkubwerera kukhala timitengo.

Chodabwitsa chachikulu chingakhale nyanja. Mu 2005 akatswiri a sayansi adaboola pansi pa nyanja ya Malawi ndi kutulutsa matope amene adaunjikana kwa zaka zoposa 1 miliyoni. Matopewo amasanjikizana ngati masamba a buku, ndipo amasunga mungu wa maluwa, makala ndi tizigoba ta tizamoyo ta m'madzi. Powawerenga, akatswiriwa adapeza kuti pakati pa zaka 135 000 ndi 75 000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa zimene nthawi zina zidachepetsa madzi a m'nyanjayi ndi magawo 95 pa 100 alionse. Nyanja imene lero ili yakuya mamita pafupifupi 700 idatsika ndi mamita mazanamazana.

Izi zikutanthauza kuti wapaulendo wa ku Mbungo, pofika m'nyengo imeneyo, sangatsikire pachilumba ayi, koma paphiri louma. Angayende wapansi kukafika komwe lero kuli Cobué ku Mozambique popanda kunyowa phazi. Ndipo sichidali chilala chimodzi chokha: matopewo akuonetsa kuti nyanjayi yakhala ikuphwa ndi kudzazanso kambirimbiri.

Nsomba za mbuna ndi mboni ya zimenezi. Madzi akabwerera nkuzinga miyala, timagulu ta nsombazi tinkatsekeredwa, kalikonse pamalo pake, ndipo m'kupita kwa mibadwo tinkasiyana maonekedwe ndi kadyedwe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi. Kansomba ka mizere ya buluu kotchedwa maingano, kamene anthu oweta nsomba m'magalasi kunja amakakonda, kwawo kwenikweni ndi m'miyala ya ku Likoma basi. Kakadakhala m'nkhani ya Bradbury, gulugufe wake akadakhala kameneka.

Uraha ndi Malawisaurus

Kubwerera m'mbuyo kupyola apa, umboni umasamukira kumpoto kwa nyanja, m'boma la Karonga, komwe nthaka yakale ili poyera. Ku Uraha, mu 1991, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza nsagwada ya kholo la anthu lotchedwa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ndi umodzi mwa maumboni akale kwambiri a mtundu wa Homo, umene anthu a lero adachokerako.

Kupitirira apo, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, kudalibe nyanja ya Malawi, pakuti chigwa chimene nyanjayi yakhalamo chidang'ambika pambuyo pake kwambiri. M'dera limene lero ndi Karonga munkayenda Malawisaurus, dinosaur wa khosi lalitali wodya masamba. Mafupa ake adalembedwa koyamba mu 1928, ndipo dzina lokhala ndi mawu oti Malawi adalilandira mu 1993. Mu 2005 katswiri wa ku Malawi, Elizabeth Gomani, adafotokoza za mtundu wina nkuutcha Karongasaurus. Chifanizo cha mafupa a Malawisaurus chidaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga, imene idatsekulidwa mu 2004.

Kaphirintiwa ndi moto

Kubwerera kuchiyambi m'maganizo si kwachilendo pakati pa anthu a kuno. Nthano ya Achewa imati Chauta adatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo mapazi awo adadindika pathanthwe limene lidali lofewa. Onse ankakhala mwamtendere mpaka tsiku limene munthu adapeka moto ndi timitengo. Tchire lidapsa, nyama zidathawa, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude.

Nthanoyi si nkhani ya makina, koma mtima wake ndi wofanana ndi wa Bradbury: chochita chimodzi pachiyambi chimasintha zonse zobwera pambuyo. Sayansi nayo ili ndi mawu pa za moto. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, wogwiritsa ntchito makala a m'matope a nyanja ndi zida za miyala za ku Karonga, adaonetsa kuti zaka pafupifupi 92 000 zapitazo anthu a m'deralo adali atayamba kale kusintha nkhalango powotcha tchire.

Kodi ulendowu ngotheka?

Malinga ndi zimene Albert Einstein adafotokoza mu 1905, nthawi imayenda pang'onopang'ono kwa munthu wothamanga paliwiro lalikulu, ndipo mawotchi oyikidwa m'ndege adatsimikiza zimenezi. Umenewu ndi ulendo wopita kutsogolo. Njira yobwerera m'mbuyo palibe amene adaionetsa, ndipo ili ndi mfundo yovuta kumasula: munthu atabwerera nkupha agogo ake asadabereke, wopha uja angachokere kuti?

Chotheka ndi kuona zakale popanda kuzikhudza. Kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu kuti kufike padziko. Kuwala kwa gulu la nyenyezi la Andromeda, limene limaoneka ngati kamtambo chakumpoto usiku wopanda mwezi chakumapeto kwa chaka, kudanyamuka zaka 2.5 miliyoni zapitazo. Msodzi wa ku Mbungo akakweza maso kumeneko amalandira kuwala kwa msinkhu wofanana ndi nsagwada ya ku Uraha.

Mwayi kwa alembi a kuno

Alembi a ku Malawi adayamba kale nkhani zopeka za sayansi. Mu 2015 Shadreck Chikoti adatulutsa Azotus the Kingdom, nkhani ya Afrika wa zaka 500 zikubwerazi, ndipo nthawi yomweyo mumzinda wa Lilongwe mudakonzedwa buku la nkhani zifupizifupi lotchedwa Imagine Africa 500. Mabuku awiriwa amayang'ana kutsogolo. Njira ya m'mbuyo ili ndi zipangizo zokwanira: nyanja imene idaphwa, chilumba chimene chidali phiri, zilombo za Karonga ndi thanthwe la Kaphirintiwa. Nkhani yotere ingakumbutse owerenga kuti nyanja imene Likoma imadalira pa ndiwo, ulendo ndi malonda sidakhale chimodzimodzi nthawi zonse, ndiponso kuti kwa ana a zaka zikwi zikubwerazo, anthu a lero ndiwo akuyenda pachiyambi, pamene phazi limodzi lolakwika lingathetse mtundu wonse wa nsomba.