Maphunziro a pa Intaneti m'Nthawi ya Mliri wa Covid-19

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi zidatsekedwa kaamba ka mliri wa Covid-19, ngakhale kuti nthendayi inali isanapezeke m'dziko muno. Odwala oyamba adadziwika pa 2 Epulo. Ophunzira a m'sukulu za sekondale adabwerera kwawo teremu yachiwiri ili mkati, osadziwa tsiku lodzabwerera m'kalasi.

Pofuna kuti maphunziro asaime, m'mwezi wa Epulo Unduna wa Zamaphunziro udagwirizana ndi kampani ya TNM kuti ophunzirawa aziwerenga manotsi pa intaneti mosalipira. Ganizoli linali labwino ndithu. Koma chaulere chinali intaneti yokha, lamya yamakono yowerengera inali yogula. M'mabanja ambiri momwe lamya yotere inkapezeka, mwini wake anali bambo kapena mayi, ndipo inkachoka nawo m'mamawa kunka kuntchito kapena kumsika. Mwana ankaigwira madzulo, batire litatsala pang'ono kutha. Kumudzi, komwe magetsi ngosowa, kutchajitsa lamya kunkafunanso ndalama ndi ulendo.

Vuto lina linali lobisika. Wophunzira wa kusekondale adazolowera kuwerenga molamulidwa ndi belu. Kusukulu yogonera komweko kuli nthawi yowerenga madzulo, mphunzitsi akuyendera, anzake ali chete pambali pake. Kunyumba belu kunalibe. Kunali kukolola chimanga, kutunga madzi ndi kulera ana, ndipo zambiri mwa ntchitozi zinkagwera atsikana. Tsono ngakhale mwana wokhala ndi lamya ankavutika kupeza ola limodzi labata, ndiponso lamya yomwe inali ndi manotsiyo ndi yomwenso inali ndi Facebook. Manotsi sayankha funso, sachonga ntchito, ndipo sadziwa ngati wowerenga wayamba kusinza. N'chifukwa chake aphunzitsi ena adayamba kutumiza ntchito pa WhatsApp. Mmenemo wophunzira ankadziwa kuti pali munthu amene akudikira yankho lake, ndipo njirayi ndiyo idafanako ndi kalasi.

Ophunzira a Fomu 4 adabwerera kusukulu pa 7 Sepitembala, patapita miyezi yoposa isanu, ndipo ena onse adatsatira pa 12 Okotobala. Apo mpamene kusiyana kudaonekera: m'kalasi imodzi munali ena omwe adapitiriza kuwerenga, ndi ena omwe sadatsegule buku chitsekereni sukulu. Mipando ina idakhala yopanda eni ake, pakuti atsikana ambiri adatenga pakati kapena kukwatiwa.

Mayeso a MSCE a chakacho adaimitsidwa pa 4 Novembala, atayamba kale kulembedwa, chifukwa mapepala ena adabedwa nafalikira kudzera pa lamya zomwezo. Ophunzira adalembanso mu Januwale 2021, ndipo amene adakhoza anali pafupifupi 41 mwa 100 alionse.