Elizabeth, Mwana wa Mfumu Amene Analeredwa Kuti Adzalowe Ufumu

M'midzi ya ku Chiradzulu, kwa Mpama, kwa Kadewere, kwa Likoswe ndi kwa Nkalo, mfumu ikamwalira dzina lake silifa ai. Maliro akatha, akuluakulu a mbumba akhala pansi nasankha munthu woti alowe dzinalo. Kawirikawiri amayang'ana mbale wa mfumuyo kapena mwana wa mlongo wake, pakuti ufumu utsata mai. Ndipo nthawi zina wosankhidwayo sadziwa kanthu kufikira tsiku limene amgwira. Kwa Angerezi mwambo uli wina. Kumeneko lamulo linaneneratu kuti wolowa ufumu ndiye mwana wa mfumu, motero mwanayo adziwika akali wamng'ono, naleredwa ndi nchito yake iri m'maso mwa anthu onse. Mmodzi wa ana otere anali Elizabeth, amene pambuyo pake anakhala Mfumukazi ya dziko lino kuyambira 1952 kufikira 1966.

Elizabeth anabadwira ku London pa 21 Epulo, 1926. Atate wake anali mwana waciwiri wa Mfumu George V, ndipo anthu sanali kuganiza kuti kamtsikanako kadzabvala cisoti caufumu. M'Januwale 1936 George V anamwalira, ndipo mwana wake woyamba analowa ufumu nachedwa Edward VIII. Koma Edward anafuna kukwatira Wallis Simpson, mkazi wa ku America amene analekana ndi mwamuna mmodzi, nakhala alikuthetsanso ukwati waciwiri. Nduna za Boma ndi akulu a mpingo anakana ndithu. Pamenepo, m'Disembala caka comweco, Edward anatula ufumu, ndipo mng'ono wake analowa nachedwa George VI. Tsiku limenelo Elizabeth, wa zaka 10, anasanduka woyamba pa mzere wa olowa ufumu.

Ngakhale zinatero, malo akewo sanali okhazikika. Lamulo la masiku amenewo linati mwana wamwamuna atsogole, ngakhale abadwe pambuyo pa mlongo wake. Mai wake akadabala mnyamata, Elizabeth akadapatuka. Koma m'nyumbamo munali ana awiri okha, iye ndi mng'ono wake Margaret. Lamulolo Angerezi analisintha m'caka ca 2013, kuti woyamba kubadwa alowe, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Anacedwa nazo, pakuti kwa Amang'anja ndi Ayao mkazi kukhala mfumu si cinthu cacilendo.

Mwana wa Mfumuyo sanapite ku sukulu pamodzi ndi ana ena. Aphunzitsi anali kudza kunyumba. Anaphunzira Cifalansa, ndipo Henry Marten, mphunzitsi wa sukulu ya Eton, anamphunzitsa mbiri ya dziko ndi makhalidwe a Boma lake. Phunziro lalikulu linali lakuti mfumu ya Angerezi siweruza dziko monga ifunira mwini. Malamulo apangidwa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mfumu iwabvomereza. Nduna zikaiuza cocita, itsata. Ikhoza kufunsa, kulangiza ndi kucenjeza nduna kuseri, koma poyera sikangana nazo. Mwana wolowa ufumu aphunzira tsono kusunga maganizo ake mumtima, kuima nthawi yaitali osatopa, ndi kulonjera mlendo ali yense ndi nkhope imodzimodzi.

Nkhondo yaikulu yaciwiri itayamba m'caka ca 1939, ena analangiza kuti ana a Mfumu atumizidwe ku Canada kuthawa mabomba. Makolo ao anakana, ndipo anawo anakhala ku Windsor, kunja kwa London. M'Okotobala 1940 Elizabeth analankhula pa wailesi nthawi yoyamba, kutonthoza ana amene anacotsedwa kwao cifukwa ca nkhondo. Atakwanitsa zaka 18 m'caka ca 1944, anakhala mmodzi wa anthu ogwira nchito ya Mfumu pamene atate wake anapita ku Italy kukaona asilikari. M'caka ca 1945 analowa gulu la akazi othandiza ankhondo, naphunzira kuyendetsa malole, kusintha matayala ndi kukonza injini. Pa nthawi yomweyo anyamata a ku Nyasalande, asilikari a Keyala, anali m'nkhalango za ku Burma, anzao ena atamenya kale nkhondo ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Madagascar. Nchito ya mwana wa Mfumu inali yopepuka poiyerekeza ndi yao, ndipo madzulo iye anali kubwerera kukagona ku Windsor. Phindu lake linali lakuti anthu amuone atabvala yunifolomu monga ana ao.

Ulendo wake woyamba wa kunja unali wa ku Afrika. M'Febuluwale 1947 Mfumu, Mfumukazi ndi ana ao awiri anafika ku Cape Town pa sitima yankhondo yochedwa Vanguard. Anayenda miyezi iwiri, makamaka pa njanji, naima pa masiteshoni ambirimbiri. Ndipo pa malo ambiri Azungu anaima kwaokha, anthu akuda kwaokha. M'Epulo anafika ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, mudzi umene munali anthu ocuruka a ku Nyasalande ogwira nchito. Anafikanso ku Livingstone, m'mbali mwa Zambezi, kumene Imwiko, mfumu yaikulu ya Alozi, anadza kudzawalonjera. Ku Nyasalande sanafike.

Pa 21 Epulo, ali pa ulendo womwewo, Elizabeth anakwanitsa zaka 21, ndipo mau ake anamveka pa wailesi kucokera ku Cape Town. Analonjeza kuti moyo wake wonse, utalike kapena ufupike, adzaupereka kutumikira anthu a m'maiko onse amene anali pansi pa ufumu wa atate wake. Anthu a ku Nyasalande anali m'gulu la olonjezedwawo.

M'Novembala 1947 anakwatiwa ndi Philip, msilikari wa m'sitima zankhondo, ndipo mwana wao woyamba, Charles, anabadwa m'Novembala 1948. Pamenepo atate wake anayamba kudwaladwala, ndipo nchito zambiri zinagwera mwanayo. M'caka ca 1951 Mfumu anacotsedwa phapo limodzi, ndipo Elizabeth ndi mwamuna wake anayendera Canada. Pa 31 Januwale, 1952, ananyamukanso kunka ku Australia ndi New Zealand m'malo mwa Mfumu, nayamba aima ku Kenya. Usiku wina anagona pa Treetops, kanyumba komangidwa mumtengo koonerapo njobvu ndi nyama zina pa dziwe. Usiku womwewo, kuca kwa pa 6 Febuluwale, George VI anamwalira ali m'tulo ku Sandringham, ali ndi zaka 56. Philip ndiye anamuuza mkazi wake za malirowo. Kwa Angerezi mpando sukhala wopanda mwini ngakhale ola limodzi, motero Elizabeth anali Mfumukazi asanadziwe n'komwe. Anali ndi zaka 25. Mwambo womlonga ufumu unacitika pa 2 Juni, 1953.

Caka comweco anthu a dziko lino anaona tanthauzo la maphunziro amene Mfumukaziyo analandira pa ubwana. Boma la ku London linafuna kuphatikiza Nyasalande ndi maiko awiri a Rhodesia m'Citaganya. Anthu anakana, poopa kuti ulamuliro ugwera Azungu a ku Salisbury. A ku Chiradzulu anali ndi cifukwa cokwanira ca kuopa. Anadziwa kale za kukhala pa nthaka ya eni minda ndi kugwira thangata, monga zinaliri pa minda ya Bruce ku Magomero, kumene anthu a John Chilembwe anaukira m'caka ca 1915. Tsono mafumu ena a ku Nyasalande anaoloka nyanja kunka ku London ndi pempho lao. Anakumbukira kuti dzikoli linalowa m'citetezo ca Angerezi m'caka ca 1891, m'masiku a Mfumukazi Victoria, kholo la Elizabeth. Ndipo anaganiza monga aganizira munthu wa kumudzi, kuti wolowa dzina alowanso mapangano a mwini dzina, ndi kuti mlandu ukakanika kwa nduna upita kwa mfumu.

Sanaloledwe kuonana naye. Anakomana ndi Oliver Lyttelton, nduna yoyang'anira maiko a m'manja mwa Angerezi, amene anali mmodzi wa ofuna Citaganyaco. Mafumuwo anabwerera manja ali m'khosi, ndipo lamulo la Citaganya linabvomerezedwa m'dzina la Mfumukazi. Kunena zoona, mwambo wa kwao sunamlole kucita mwina, pakuti mlandu wotere unali m'manja mwa nduna ndi Nyumba ya Malamulo. Koma kwa anthu amene anamva lonjezo la 1947, kufotokoza kotere kunali kosakhutitsa. Citaganya cinakhala zaka khumi, nicitha pa 31 Disembala, 1963, citagwetsedwa ndi kukana kwa eni dziko.

Pa 6 Julayi, 1964, dziko linalandira ufulu nilichedwa Malawi, ndipo Philip anadza ku Blantyre kudzaimira mkazi wake. Elizabeth anakhalabe Mfumukazi ya Malawi zaka ziwiri, Sir Glyn Jones namgwirira nchito ku Zomba, kufikira pa 6 Julayi, 1966, pamene Dr. Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti. Iye mwini anaponda nthaka ya Malawi m'Julayi 1979, monga mlendo, ali pa ulendo umene unathera ku msonkhano wa ku Lusaka. Anamwalira pa 8 Seputembala, 2022, ali ndi zaka 96. Mwana wake Charles, amene anasanduka wolowa ufumu ali ndi zaka zitatu, anayembekeza zaka 70, nalowa dzinalo ali nkhalamba ya zaka 73.