Sitima Zopepuka za m'Zaka za m'ma 1950 ndi Chimene Chinazigwetsa ku America

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, makampani a njanji a ku United States anayamba kuluza ndalama zambiri pa ntchito yonyamula anthu, chifukwa apaulendo anali kuthawira ku magalimoto, mabasi ndi ndege. Bogi imodzi yachikale inkalemera matani oposa 60, kotero kuti mafuta ambiri ankathera pokoka zitsulo m'malo mokoka anthu. Akuluakulu ena a makampaniwa anakhulupirira kuti sitima yopepuka, yotsika kufupi ndi njanji ndiponso yotsika mtengo ikanabweza apaulendowo. Chikhulupiriro chawo chinali ndi poyambira, pakuti pa 26 May 1934 sitima yotchedwa Zephyr, imene kampani ya Budd inapanga ndi chitsulo chosachita dzimbiri, inayenda makilomita oposa 1,600 kuchokera ku Denver kukafika ku Chicago m'maola 13 ndi mphindi zisanu.

Nzeru imene inakopa anthu kwambiri inachokera ku Spain, kumene injiniya Alejandro Goicoechea, mothandizidwa ndi chuma cha José Luis Oriol, anayesa sitima ya Talgo mu 1942. Mabogi ake anali aafupi, ndipo iliyonse inkakhala pa mawilo awiri okha kumbuyo, pamene kutsogolo inkatsamira pa bogi inzake. Mawilo awiriwo sanalumikizidwe ndi mtanda wachitsulo monga zimakhalira pa sitima wamba, motero lililonse linkazungulira palokha pokhota, ndipo pansi pa bogi pankatha kutsika kwambiri. Popeza kulemera kwake kunali m'munsi, sitimayo inkadutsa m'makona mothamanga popanda kuopseza kugubuduzika. Talgo yachiwiri inapangidwira ku America ndi kampani ya American Car and Foundry, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1950 pakati pa Madrid ndi malire a dziko la France.

Chaka cha 1956 ndicho chinaona mayesero ochuluka. Robert R. Young, amene anatenga utsogoleri wa kampani ya njanji ya New York Central mu 1954, analimbikira ganizo limene ankalitcha Train X, ndipo zotsatira zake zinali sitima ya Xplorer yopangidwa ndi Pullman-Standard, imene inkayenda pakati pa Cleveland ndi Cincinnati. Kampani ya Rock Island inaika Jet Rocket, ya mtundu wa Talgo, pakati pa Chicago ndi Peoria, pamene New Haven, motsogozedwa ndi Patrick McGinnis, inali itaitanitsa kale sitima zitatu za mapangidwe osiyana kuti zipikisane pa njanji ya New York ndi Boston.

Yotchuka kuposa zonse inali Aerotrain ya General Motors, ndipo mbiri yake ikuonetsa bwino pamene panagona vuto. Kampaniyo inatenga matupi a mabasi ake oyenda maulendo aatali, inawakulitsa m'mbali, niwakhazika pa mawilo anayi a njanji, bogi iliyonse ili ndi mipando 40. M'malo mwa masipuling'i achitsulo inaikamo matumba a mphira odzaza ndi mpweya, monga a m'mabasi omwewo. Mutu wa sitimayo, umene maonekedwe ake anakonza Chuck Jordan, unkafanana ndi galimoto zapamwamba za nthawiyo, koma injini yake ya dizilo inali ndi mphamvu za akavalo 1,200 zokha. Union Pacific itaiyesa pakati pa Los Angeles ndi Las Vegas, panafunika mutu wina woithandiza kukwera chitunda cha Cajon Pass. Chodandaulitsa chachikulu chinali kayendedwe kake. Njanji za ku America zinali zidutswa zolumikizidwa ndi mabawuti, ndipo mfundo ya kumanzere sinkayang'anizana ndi ya kumanja. Bogi yolemera inkameza kugunda kwa pa mfundozo, koma yopepuka inkadumpha ndi kupendamira uku ndi uku, phokoso la mawilo n'kumalowa mpaka m'kati. Munthu amene wakhala maola angapo pampando wogwedezeka chotero sakopekanso ndi kukongola kwa mutu wa sitima. Pennsylvania Railroad, New York Central ndi Union Pacific zinabweza Aerotrain kwa eni ake, ndipo inamalizira moyo wake ku Rock Island ikunyamula anthu opita kuntchito ku Chicago pa liwiro lochepa, mpaka pakati pa zaka za m'ma 1960.

Sitima zopepuka zinzake sizinachite bwino kuposa apo, ndipo zambiri zinachotsedwa pa maulendo aatali pasanathe zaka ziwiri. Mabogi olumikizidwa mokhazikika sankalola kuwonjezera malo pa tsiku la chikhamu, komanso bogi imodzi ikawonongeka sitima yonse inkaima. Nayo nthawi inali yoipa, pakuti mu 1956 momwemo boma linakhazikitsa lamulo lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza dziko lonse, ndipo mu 1958 ndege ya Boeing 707 inayamba kunyamula anthu.

Kungakhale kulakwa kunena kuti kupepuka ndiko kunali kosayenera. Makampani a ku America ankafuna kupulumutsa ndalama pa sitima popanda kuwononga ndalama pa njanji, ndipo anataya mtima msanga asanakonze zolakwika zimene chida chilichonse chatsopano chimakhala nazo. Ku Spain amisiri anapitiriza kukonza, natulutsa Talgo yachitatu mu 1964, ndipo mu 1969 sitima yawo yokhoza kusintha kutalikirana kwa mawilo pamalire inayamba kuyenda kuchokera ku Barcelona mpaka ku Geneva. Ku Japan kampani ya Odakyu inapanga sitima yamagetsi yopepuka yotchedwa SE, imene mu September 1957 inafika pa liwiro la makilomita 145 pa ola pa njanji ya mamilimita 1,067 m'lifupi, muyeso womwewo wa njanji za ku Malawi. Zimene amisiri anaphunzira pa mayesero amenewo zinathandiza pokonza sitima ya Shinkansen, imene inatsegulidwa mu 1964 pa njanji yatsopano yomangidwira liwiro. Mitu iwiri ya Aerotrain inasungidwa, ndipo lero ili m'nyumba zoonetsera zinthu zakale ku Green Bay ndi ku St. Louis.