Nyali ya Livingstone, Instagram ndi mwana wa ku Linga

Nkhani yoti aphunzitsi a pulayimale azigwiritsa ntchito Instagram, Pinterest kapena Flickr pophunzitsa ikabuka pakati pathu, timakonda kukangana za mtengo wa bando ndi kusowa kwa netiweki, ngati kuti chithunzi chinalowa m'kalasi dzulodzuloli. Kumeneku ndi kuyamba nkhani pakati. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, chithunzi chophunzitsira chili ndi mbiri yaitali, ndipo funso lovuta m'mbiri yonseyo lakhala lofuna kudziwa yemwe wasankha chithunzicho ndi zomwe wanena pochionetsa.

Tiyambire kutali pang'ono. Mu 1854, David Livingstone ali pa ulendo wopita ku Luanda, anafika kwa mfumu Shinte ya Alunda, kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi. M'katundu wake munali nyali yoonetsera zithunzi yomwe Angelezi ankaitcha magic lantern: bokosi lokhala ndi moto mkati, lomwe linkaponya pa nsalu chithunzi chopentedwa pa galasi. Anayamba ndi chithunzi cha Abrahamu atakweza mpeni kuti aphe Isake. Iye mwini analemba kuti pomwe ankasolola galasilo, mpeniwo unaoneka ngati ukulunjika kwa amayi omwe anakhala mbali imeneyo, ndipo anathawa balalabalala. Olemba ambiri a ku Ulaya anaitenga nkhaniyi ngati nthabwala. Ine ndimaona kuti amayiwo anawerenga chithunzicho molondola kuposa mwini nyali: anaona mlendo akuwaonetsa bambo wamkulu wofuna kubaya mwana, ndipo tanthauzo lomwe mlendoyo anali nalo m'mutu silinali pa nsalupo.

Livingstone yemweyu anafika ku Nkhotakota mu 1861 ndipo anabweranso mu 1863, nthawi yomwe malonda a akapolo a Jumbe anali pachimake, ngalawa zikuwolotsa anthu kupita kutsidya pa njira ya ku Kilwa. Mkuyu womwe anthu amaugwirizanitsa ndi zokambirana zake ndi Jumbe ukadalipo pa St Anne's. Koma taganizani za chithunzi chomwe chimakufikirani m'maso mukamva mawu oti ukapolo: mzere wa amuna omangidwa magoli m'khosi, amayi ndi ana akutsatira. Chithunzi chotchuka chimenecho chinatuluka mu 1865 m'buku la David ndi Charles Livingstone lonena za ulendo wa pa Zambezi. Si cha kamera, ndi chojambula pamanja chomwe amisiri anachikonzera makina osindikizira ku Britain. Ndipo si cha ku Nkhotakota ayi. Chikuonetsa akapolo omwe anapezeka pa mudzi wa Mbame, kumapiri a kufupi ndi komwe kuli Blantyre lero, akupita nawo ku Tete.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Pa Pinterest kapena Instagram chithunzi chimayenda chokha, mawu ofotokoza amatsala m'mbuyo. Wina amachikopera, wina amachidula m'mbali, wachitatu amalembapo zake. Mphunzitsi wa Sitandade 6 akachipeza n'kuonetsa ana kuti umu ndi momwe zinalili kwa Jumbe, palibe bodza lomwe wafuna kunena, koma ana atuluka osadziwa kuti ukapolo wa kwawo unali wa pa doko ndi ngalawa, ndiponso kuti njira ya ku Tete inali ya amalonda ena. Chikhalirecho dokolo lili pamtunda woyenda wapansi kuchokera pa sukulu zingapo za pa boma.

Sukulu ya mishoni inafika mochedwerapo. A UMCA anakhazikika pa Kota Kota mu 1894 kudzera mwa Arthur Fraser Sim, yemwe anamwalira chaka chotsatira, chaka chomwechonso Bishopu Chauncy Maples anamira pa nyanja n'kuikidwa pa tchalitchi cha All Saints. Tisaiwale kuti amishoniwa sanapeze mudzi wosadziwa zilembo. Pa Linga panali kale Chisilamu, ndipo ana ena ankaphunzira zilembo za Chiarabu ku madrasa, maphunziro odalira khutu, lilime ndi kuloweza, osati zithunzi. Mishoni inabwera ndi mabuku ndi zithunzi za nkhani za m'Baibulo zojambulidwa ku Ulaya, ndipo kuyambira 1901 sitima yotchedwa dzina la Maples inkazungulira nyanja ngati tchalitchi, chipatala ndi sukulu nthawi imodzi. Mwana wa msodzi anaona nkhosa za ku Yudeya pa pepala asanaonepo bwato la atate ake litajambulidwa.

Ufulu utabwera mu 1964, nkhope za m'mabuku zinasintha. Makolo athu amakumbukirabe Timve ndi Tsala, ana achimalawi omwe anawaphunzitsa Chingelezi. Vuto linasamukira pa kuchepa kwa mabukuwo, makamaka kuyambira 1994, pomwe boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa ochepera 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Buku limodzi linkagwiridwa ndi manja ambirimbiri, ndipo chithunzi chodalirika chinali chomwe mphunzitsi wajambula ndi choko pa bolodi. Njira ya TALULAR yomwe aphunzitsi amaphunzira ku koleji, yopanga zipangizo kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi, anthu amaiona ngati yaumphawi. Komatu m'mbiri yonseyi ndi nthawi yokhayo yomwe wosankha chithunzi anali munthu wodziwa kusiyanitsa usipa ndi utaka.

Matabuleti nawo abwera. Ntchito ya onebillion ndi VSO inayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, ndipo kuyambira 2023 boma likuifalitsa pansi pa dzina la BEFIT kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Chosangalatsa n'chakuti matabuletiwa sadalira intaneti pophunzitsa: zithunzi ndi mawu zinakonzedweratu, m'Chichewa. Ndi zabwino, koma wosankha ndi wa kutali ndithu, monga zinalili ndi magalasi a nyali ija.

Ndiye masamba ogawanapo zithunzi akubweretsa chiyani chatsopano? Zinthu ziwiri, m'kuona kwanga. Choyamba ndi chakuti zithunzi zakale za dziko lino, zomwe zinakhala zaka zambiri m'mabokosi ku Edinburgh ndi kwina, tsopano zikutheka kuoneka pa foni. International Mission Photography Archive ndi Livingstone Online amaika chithunzi pamodzi ndi chaka, malo ndi gwero lake pomwe zikudziwika, ndipo Wikimedia Commons imafuna kuti woika anene komwe wachitenga. Mphunzitsi ayambire kumeneko, osati pa Pinterest. Ngakhale pamenepo, muona kuti mmishoni amatchulidwa dzina, pomwe Amalawi khumi omuzungulira amangotchedwa gulu la ana asukulu. Ana a Sitandade 7 akhoza kufunsidwa chifukwa chake, ndipo limenelo ndi phunziro la mbiri lokwanira.

Chachiwiri ndi chakuti kamera tsopano ili m'thumba la mphunzitsi. Lembani Nkhotakota pa Instagram: mudzaona dzuwa likutuluka pa nyanja, malo ogona alendo, ndi njovu zomwe African Parks inasamutsira kunkhalango mu 2016 ndi 2017. Ndi zokongola, koma ndi Nkhotakota wa mlendo wodutsa. Mpasa wokwera mtsinje wa Bua, chinangwa chovikidwa m'madzi poyembekeza kondowole, minda ya mpunga, akasupe otentha a Mawira, chilimira ikukokedwa m'bandakucha, zonsezi mwana amazidziwa ndipo angathe kuzifotokoza bwino kuposa buku. Kalasi ikhoza kuzijambula, kulemba tsiku, malo ndi dzina lenileni la chinthucho m'Chichewa, n'kuziika pomwe ana a ku Mulanje angazione.

Chomwe sindingavomereze ndi kuika nkhope za anawo pagulu. Takhala tikuona alendo akujambula ana a m'mbali mwa nyanja osapempha makolo, ndipo sukulu isatengere khalidwe limenelo. Akaunti ikhale ya mphunzitsi, ana aime kumbuyo kwa kamera, ndipo msodzi yemwe bwato lake likujambulidwa afunsidwe kaye ngati akulola, komanso ngati akufuna kuti dzina lake lilembedwe pansi pake.