Mbewa Yogona ndi Ceza ca Ekisireyi

Ana inu, pamodzi ndi aphunzitsi anu, mverani mbiri ya zinthu ziwiri zimene zinasintha nchito ya m'zipatala, ndi phunziro limene akatswiri anatengapo pamene zinthuzo zinakumana m'thupi la mbewa.

Coyamba ndico mankhwala ogoneka wodwala. Pa 16 October 1846, William Morton, dokotala wa mano, anagoneka munthu ndi mankhwala a ether m'cipatala ca ku Boston, ku America, ndipo dokotala wina anamcotsa cotupa ca pakhosi. Caciwiri ndico ceza ca ekisireyi, cimene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira m'caka ca 1895. Posakhalitsa madokotala anaona kuti cezaci cimawaula khungu, komanso cimafwetsa zotupa za khansa. Pofuna kudziwa muyeso woyenera, akatswiri anayamba kuciyesa pa mbewa ndi makoswe oweta.

Koma mbewa siikhala malo amodzi. Kuti ceza cilunjike pamene afuna, anali kuigoneka ndi mankhwala onga pentobarbital. Apa ndi pamene panabuka vuto. Mbewa yogonekedwa imapuma pang'onopang'ono, magazi ake amayenda mofooka, ndipo kathupi kake kamazizira msanga. Motero mpweya wa okosijeni umacepa m'minofu yake.

Kodi kucepa kwa mpweyawo kuli ndi kanthu? Indedi. Mu 1909 Gottwald Schwarz wa ku Vienna anaonetsa kuti khungu lopanikizidwa, losowa magazi, silipsa kwambiri ndi ceza. Mu 1953 Louis Harold Gray ndi anzake ku Britain analongosola kuti okosijeni ndiye amakulitsa mphamvu ya ceza pa maselo, tizigawo tating'onoting'ono ta thupi. Maselo osowa okosijeni amalimba, ndipo amafuna ceza coculuka kawiri kapena katatu kuti afe. Conco mbewa ziwiri zolandira ceza cofanana, ina yogona, ina ili maso, zingaonetse zotsatira zosiyana. Wofufuza akapanda kuzindikira zimenezi adzalemba zolakwika, ndipo wodzavutika ndiye wodwala khansa amene akuyembekeza cithandizo.

Masiku ano akatswiri ambiri amagoneka mbewa ndi mpweya wa isoflurane wosakaniza ndi okosijeni. Amaziika pofunda, nayang'anira kapumidwe kake mpaka zitadzuka. Amagonekanso mbewa zina zosalandira ceza, kuti asiyanitse zocita za mankhwala ndi zocita za ceza. Kale mu 1959 William Russell ndi Rex Burch a ku Britain anali ataphunzitsa kuti nyama zoyesera zicepe ciwerengero ndipo zisazunzike, pakuti nyama yosamalidwa bwino ndiyo imapatsa yankho loona.

Aphunzitsi, yesani izi m'kalasi. Bzalani cimanga m'zitini ziwiri za dothi lofanana, muzithire madzi ofanana, koma cimodzi muciike mumdima. Kenaka afunseni ana kuti: tikadasiyanitsanso madzi, tikadadziwa bwanji cimene cafooketsa mmera?